ZIMBABWE: Chakudya cha m'zigawo ndi vinyo wake, mwambo wa alendo umene wapeza eni atsopano

BULAWAYO – Kuno kwathu chakudya chimabwera pamodzi: nsima m'mbale imodzi, ndiwo m'mbale ina, madzi osamba m'manja pambali. Ku Bulawayo, kumene nsima imatchedwa isitshwala m'Chindebele, dongosolo lake ndi lomweli. Koma m'mahotela ndi m'malesitilanti ena okwera mtengo a kumwera kwa Africa muli kadyedwe kena kotchedwa tasting menu. Mlendo amalandira timbale 5, 7 kapena kuposerapo, kamodzi panthawi, ndipo kalikonse kamabwera ndi vinyo wosankhidwa kuti agwirizane nako.

Wakudya sasankha zimene adye. Wophika wamkulu ndiye amakonza mndandanda wonse, ndipo katswiri wa vinyo, amene pantchito yake amatchedwa sommelier, amasankha zakumwa. Chimene mlendo amalipira si kuchuluka kwa chakudya ayi, koma luso losanja zokoma motsatizana kwa maola awiri kapena atatu. Apa mpamene mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umagwira ntchito.

Kumene mwambowu unachokera

Kale m'maphwando a anthu olemera ku France zakudya zambiri zinkaikidwa patebulo nthawi imodzi, moti zina zinkazizira zisanalawidwe. Kupereka chakudya chigawo ndi chigawo kunachokera ku Russia, ndipo olemba mbiri amati kazembe wa dzikolo ku Paris, Alexander Kurakin, ndiye anakudziwitsa kwa Afalansa cha m'ma 1810. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mahotela akuluakulu a ku Ulaya anali atatengera kachitidweka.

Timbale tating'ono tolawitsa luso la wophika tinafala m'ma 1970, pamene ophika a ku France anayamba kuchepetsa mafuta ndi misuzi yolemera, atatengerako nzeru ku kaiseki, kadyedwe ka m'zigawo ka ku Japan. Ena anafika nazo patali: lesitilanti ya elBulli ku Spain, imene inatsekedwa mu 2011, inkapereka timbale toposa 30 pa chakudya chimodzi. Mu 2010 bungwe la UNESCO linaika chakudya chaphwando cha Afalansa pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa, ndipo kugwirizanitsa chakudya ndi vinyo linakutchula ngati mbali ya mwambowo.

Ku Bulawayo kudya m'zigawo kunafika ndi atsamunda. Kalabu ya Bulawayo Club inakhazikitsidwa mu 1895, ndipo njanji inafika mumzindawu mu 1897. Amene ankakhala patebulo anali Azungu, koma ophika ndi operekera zakudya anali anthu akuda, ndipo ena mwa iwo anali amuna ochokera ku Nyasaland odzafuna ntchito. Ankadziwa dongosolo la supu, nsomba, nyama ndi zotsekemera, ngakhale kuti sankaloledwa kukhala pansi n'kudya nawo. Pambuyo pake Bulawayo Club inasandulika hotela yolandira aliyense, monganso nyumba yamiyala ya Nesbitt Castle ku Hillside. Sitima ya alendo ya Rovos Rail, imene imadutsa mumzindawu paulendo wochokera ku Pretoria kupita ku Victoria Falls, imaperekabe chakudya chamadzulo m'zigawo pamodzi ndi vinyo wa ku South Africa.

Chifukwa chake timbale timachepa

Lilime limazolowera msanga. Nthongo yoyamba ya chakudya chokoma imasangalatsa kwambiri kuposa yachikhumi. Wophika wa ku America, Thomas Keller, amadziwika ndi mfundo imeneyi: mbale ichotsedwe munthu akadali kufuna zina. N'chifukwa chake chigawo chilichonse chimakhala cha kuluma katatu kapena kanayi basi.

Dongosolo lake limayambira pa zopepuka kupita ku zolemera. Poyamba pamabwera kachakudya kotsegula m'kamwa, kenaka zamasamba kapena supu, ndiye nsomba, nyama yankhuku kapena ina yofewa, nyama yang'ombe kapena yam'tchire, tchizi, ndipo pomaliza zotsekemera. Vinyo amayendanso chimodzimodzi: wothetheka kapena woyera patsogolo, wofiira pakati, wotsekemera kumapeto. Munthu atayamba ndi nyama yonona ndi vinyo wamphamvu, kukoma kwa nsomba yobwera pambuyo sangakumve.

Mmene vinyo amagwirizanira ndi chakudya

Kugwirizanitsaku kuli ndi zifukwa zake zimene aliyense angathe kudziyesera. Choyamba ndi kuwawasa. Vinyo woyera monga Sauvignon blanc kapena Chenin blanc amagwira ntchito ngati ndimu wofinyira pa chambo chokazinga: amachotsa mafuta m'kamwa, ndipo nthongo yotsatira imakoma ngati yoyamba.

Chachiwiri ndi kukhakhala kwa vinyo wofiira. Vinyoyu amafulidwa pamodzi ndi makoko ndi njere za mphesa, mmene muli tanini, chinthu chomwe chimaumitsa m'kamwa munthu akaluma nthochi yosapsa kapena akamwa tiyi wochuluka masamba. Tanini amagwirana ndi mapuloteni a m'malovu. Pakakhala nyama yonona, kukhakhalako kumachepa ndipo vinyo amamveka wofewa. Apa mpamene nyama yang'ombe ya ku Matabeleland, dera lodziwika ndi ulimi wa ng'ombe, imayenerana ndi Cabernet Sauvignon, Shiraz kapena Pinotage, mtundu wa mphesa umene Abraham Perold anaupanga ku Stellenbosch mu 1925.

Pali zinanso zofunika kupewa. Tsabola wambiri amachititsa kuti ukali wa mowa uwotche kwambiri m'kamwa, motero chakudya cha tsabola chimafuna vinyo wozizira, wotsekemera pang'ono ndi wosaledzeretsa kwambiri. Chakudya chotsekemera chikaposa vinyo kutsekemera, vinyoyo amamveka wowawasa. Nsomba ndi vinyo wofiira nthawi zina zimasiya fungo loipa m'kamwa, ndipo ofufuza a ku Japan anapeza mu 2009 kuti gwero lake ndi ayironi wopezeka mu vinyo wina. Kutentha nako n'kofunika: vinyo woyera amaperekedwa pa madigiri 8 mpaka 12, wofiira pa 16 mpaka 18, kutanthauza kuti m'chilimwe cha mu Okutobala ngakhale wofiira amafunika kumuziziritsako.

Kodi zakudya zakuno zingalowemo?

Palibe lamulo loti timbaleti tikhale ta zakudya za ku Ulaya. Tiyerekeze kuti wophika wa ku Bulawayo akuyamba ndi amacimbi, mphalabungu za m'mitengo ya tsanya, zokazinga mpaka kuuma, limodzi ndi vinyo wothetheka amene amayenerana ndi zamchere. Angatsatize nkhwani wotendera ndi Chenin blanc, kenaka nsomba ya ku Kariba kapena trout ya ku Nyanga, ndiye mchira wang'ombe wophika nthawi yaitali ndi kanthongo ka nsima yamawere. Pomaliza angabweretse umxhanxa, chakudya cha Amandebele cha vwende ndi chimanga, kapena zotsekemera za malambe ndi amasi, amene ife timati chambiko.

Maganizo otere sali a wophika mmodzi yekha. Mu Julayi 2024 bungwe la UN Tourism linachititsa ku Victoria Falls msonkhano woyamba wa mu Africa wokambirana za zakudya ngati njira yokopera alendo. Mlendo wochokera ku London sangawoloke nyanja kudzadya zimene wazisiya kwawo, koma angalipire bwino kuti alawe therere, mapira ndi zipatso zam'tchire zokonzedwa mwaluso. Ndalama zoterozo zimafikanso kwa mlimi ndi mayi wogulitsa pamsika.

Vinyo ngwa alendo, akatswiri ndi akuno

Dziko la Zimbabwe lili ndi vinyo wakewake. Ulimi wa mphesa unakula pambuyo pa 1965, pamene boma la Ian Smith linaikiridwa ziletso zamalonda ndipo vinyo wakunja anayamba kusowa. Dzina lodziwika kwambiri linali Mukuyu, kufupi ndi Marondera. Koma mvula kuno imagwa nthawi yotentha, pamene mphesa zikupsa, ndipo imachepetsa kukoma kwake n'kubweretsa matenda. Kusintha kwa umwini wa minda kuyambira mu 2000 ndi mavuto azachuma zinafooketsanso ulimiwu. Motero vinyo wambiri m'malesitilanti a ku Bulawayo amachokera ku Western Cape, kumene anayamba kufulidwa mu 1659.

Chodabwitsa n'chakuti ena mwa akatswiri otchuka osankha vinyoyo ndi Azimbabwe. Joseph Dhafana anapita ku South Africa mu 2009, nayamba ndi ntchito ya m'dimba ndi yotsuka mbale ku Riebeek-Kasteel, koma anadzakhala sommelier wamkulu pa La Colombe ku Cape Town. Tinashe Nyamudoka anagwira ntchito yomweyi pa The Test Kitchen, ndipo anayambitsa vinyo wake wotchedwa Kumusha, mawu a Chishona otanthauza kumudzi. Malesitilanti awiriwa anatchuka ndi chakudya cha m'zigawo. Mu 2017 awiriwa, pamodzi ndi Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, anaimira Zimbabwe ku France pa mpikisano wapadziko lonse wozindikira vinyo pongomulawa, osaona botolo. Nkhani yawo inajambulidwa mu kanema wa Blind Ambition wa mu 2021.

Bulawayo ili ndi sukulu ya boma ya School of Hospitality and Tourism, yophunzitsa ophika ndi ogwira ntchito m'mahotela. Vuto silili pa luso, koma pa kulisunga kwawo. Chakudya cha m'zigawo chimafuna antchito ambiri, mafiriji osazima ndi madzi okwanira. Alendo 30 odya zigawo 7 amadetsa mbale 210 ndi matambula 210 usiku umodzi, mumzinda umene kwa zaka zambiri madzi akhala akugawidwa mosinthanitsa masiku. Kumafunikanso makasitomala okhazikika, osati a nthawi ya chionetsero cha zamalonda cha ZITF chokha.

Zimene wopita kukadya ayenera kudziwa

Malo ayenera kusungitsidwa pasadakhale, ndipo nthawi yomweyo mlendo anene zakudya zimene sadya kaamba ka matenda kapena chipembedzo, popeza khitchini imakonzekera molingana ndi chiwerengero cha anthu. Ndi bwino kufunsa ngati mtengo wotchulidwawo ukuphatikiza vinyo, chifukwa kawirikawiri amalipiritsa padera ndipo amakweza bilu kwambiri. Ku Zimbabwe afunsenso ngati mtengowo uli m'madola a ku America kapena mu ZiG, ndalama imene inayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024.

Vinyo wothiridwa pa chigawo chilichonse amakhala wochepa, mamililita 60 mpaka 90, koma akaphatikizidwa amachuluka. Matambula 7 a mamililita 75 ndi mamililita 525, pamene botolo lathunthu ndi 750. Womwa chonchi sayenera kuyendetsa galimoto. Palibe chokakamiza kumaliza tambula iliyonse, ndipo malesitilanti ambiri otere amakonzanso zakumwa zosaledzeretsa za zipatso kapena tiyi kwa amene samwa mowa.

Za mipeni ndi mafoloko ambiri patebulo, lamulo lake ndi lapafupi: yambirani zakunja kulowera ku mbale. Ndipo woperekera akamafotokoza za vinyo, kufunsa mafunso si umbuli, chifukwa kufotokozako ndi mbali ya zimene mlendo walipira. Masiku ano, kuyambira ku Cape Town mpaka ku Victoria Falls, woyankhayo kawirikawiri amakhala mwana wa m'dera lomwelino.