Nyumba ya Malamulo ya Virginia (1776 mpaka 1806)

Nyumba ya Malamulo ya Virginia, imene dzina lake ndi General Assembly, ndi bungwe lopanga malamulo a chigawo cha Virginia ku United States. Idayamba m'chaka cha 1619 ku Jamestown, dzikolo lili pansi pa ulamuliro wa England. Virginia itadzipatula kwa Britain, idavomereza malamulo ake oyendetsera dziko pa 29 Juni 1776. Nkhani ino ikufotokoza ntchito imene aphungu ankagwira tsiku ndi tsiku m'zaka zoyambirira za ufuluwo. Mbali yaikulu ya ntchitoyo inali kuyankha makalata a mapempho ochokera kwa anthu wamba.

Kapangidwe ka nyumbayi

Nyumbayi inali ndi zigawo ziwiri. Choyamba chinali House of Delegates, kumene boma lililonse linkatumiza aphungu awiri osankhidwa chaka ndi chaka. Chachiwiri chinali Senate ya anthu 24, amene ankakhala pampando zaka zinayi. Bilu iliyonse inkayambira ku House of Delegates. Senate inkatha kuivomera, kuikana kapena kupempha kuti isinthidwe, koma bilu yokhudza ndalama sinkaloledwa kusinthamo ngakhale liwu limodzi. Inkangoyenera kuivomera yonse kapena kuikana yonse.

Bwanamkubwa wa chigawo ankasankhidwa ndi aphungu omwewo chaka chilichonse, ndipo analibe mphamvu zokana lamulo limene nyumbayi yakhazikitsa. Izi zidachitika dala, chifukwa anthu adali atatopa ndi abwanamkubwa otumidwa ndi mfumu ya Britain. Bwanamkubwa woyamba adali Patrick Henry.

Ovota anali amuna achizungu okhala ndi malo okha. Akazi, akapolo ndi amuna opanda malo sankavota. Chisankho chinkachitikira pa bwalo la milandu la boma, ndipo wovota ankatchula mokweza dzina la munthu amene akumufuna, anthu onse akumva.

Poyamba aphungu ankakumana ku Williamsburg, ndipo mu 1780 likulu lidasamukira ku Richmond. Mu 1781, nkhondo ili mkati, adathawira ku Charlottesville, kenako ku Staunton pamene asilikali a Britain otsogozedwa ndi Banastre Tarleton adabwera kudzawagwira. Ngakhale nthawi ya mtendere kusonkhana kunali kovuta. Dera la Kentucky lidali mbali ya Virginia mpaka 1792, choncho aphungu ena ankayenda masabata pa akavalo kudutsa mapiri. Kawirikawiri zokambirana zinkachedwa kuyamba podikira kuti chiwerengero chikwane.

Makalata a mapempho

Munthu kapena gulu la anthu likakhala ndi vuto, linkalemba kalata, kusainirana, n'kupereka kwa phungu wa boma lawo. Ngakhale amene sankavota ankaloledwa kupempha: akazi amasiye, asilikali olumala, anthu akuda omasuka, nthawi zina ndi akapolo omwe. Pa nkhani yokhudza anthu ambiri a m'dera, opempha ankayenera kulengeza kaye poyera kuti otsutsa adziwe. Motero zinkachitika kuti nyumbayi yalandira makalata awiri ochokera boma limodzi, wina wopempha chinthu, wina wochikana.

Zopemphedwazo zinali za moyo wa masiku onse. Ena ankafuna chilolezo choika bwato lowolotsa anthu pamtsinje, ndipo lamulo linkatchula mtengo wowolotsera munthu ndi kavalo. Ena ankafuna msewu, mlatho kapena tawuni yatsopano. Ambiri ankapempha kuti boma lawo ligawidwe pakati chifukwa bwalo la milandu linali kutali. Eni zigayo zoyendera madzi ankakangana ndi asodzi, popeza madamu awo ankatsekereza nsomba kukwera mtsinje. Nkhani za fodya zinkabwera chaka chilichonse, chifukwa fodya wotumizidwa kunja ankayamba wapimidwa m'nyumba zosungiramo zovomerezeka ndi lamulo, ndipo mapepala operekedwa kumeneko ankagwira ntchito ngati ndalama. Alimi ankalimbirana kuti nyumba yotereyi imangidwe pafupi ndi kwawo.

Makalata ambiri oterewa adasungidwa, ndipo lero ali ku Library of Virginia mumzinda wa Richmond.

Ulendo wa bilu

Kalata ikawerengedwa m'nyumba, inkatumizidwa ku komiti. Panali makomiti okhazikika oona za chipembedzo, za zisankho, za makhoti, za malonda, za ngongole zimene boma lili nazo kwa anthu, komanso ina yoona maganizo ndi madandaulo a anthu. Komiti inkabweza yankho lalifupi, kunena kuti pempholo ndi lomveka kapena likanidwe. Likakhala lomveka, aphungu angapo ankauzidwa kulemba bilu. Biluyo inkawerengedwa katatu, ndipo pakati pake aphungu ankakambirana ndi kusinthamo. Ikadutsa inkapita ku Senate, kenako masipikala a zigawo zonse ziwiri ankaisainira.

Mabilu ang'onoang'onowa ankadya nthawi yambiri moti ntchito zazikulu zinkatsalira. Mu 1779 Thomas Jefferson, George Wythe ndi Edmund Pendleton adapereka mabilu 126 okonzanso malamulo onse a Virginia. Ambiri adangokhala zaka mpaka James Madison adayamba kuwakankha mu 1785. Bilu yochepetsa milandu imene chilango chake chinali imfa idagwa ndi voti imodzi yokha, ndipo Madison adati chidaigwetsa ndi mkwiyo wa aphungu pa anthu oba akavalo.

Nkhani ya chipembedzo

Mphamvu ya makalatawa idaoneka bwino mu 1784 ndi 1785. Patrick Henry adachirikiza bilu yoti anthu azipereka msonkho wolipirira aphunzitsi a Chikhristu. Madison ndi anzake adakwanitsa kuchedwetsa voti yomaliza kuti anthu anenepo kaye maganizo awo. Makalata ambiri adabwera, ochuluka ali otsutsa, makamaka ochokera kwa a Baptist ndi a Presbyterian. Madison nayenso adalemba yake osaikapo dzina. Bilu ya msonkhoyo idafa, ndipo m'malo mwake pa 16 Januwale 1786 nyumbayi idakhazikitsa lamulo la ufulu wa chipembedzo limene Jefferson adalemba, lomwe lidali nambala 82 pa mabilu 126 aja.

Akapolo

Aphungu ambiri anali eni akapolo, ndipo malamulo awo ankateteza ukapolo. Komabe mu 1782 adalola kuti mwini kapolo azitha kumumasula yekha popanda kupempha boma.

Nkhani yodziwika ndi ya James, kapolo wa William Armistead wa ku New Kent, amene adali kazitape wa mkulu wa asilikali Lafayette mu 1781. Lamulo la 1783 lidamasula akapolo amene adamenya nkhondo ngati asilikali m'malo mwa anthu ena, koma James silidamukhudze chifukwa iye adali kazitape. Adalemba pempho, Lafayette adamuperekera umboni, ndipo adamasulidwa kumayambiriro kwa 1787. Boma lidalipira mwini wakeyo, ndipo James adatenga dzina loti Lafayette. Kuti munthu amene adaika moyo wake pachiswe chifukwa cha ufulu wa dziko adikire zaka zoposa zisanu, zikusonyeza malire a ufulu umene aphunguwo ankanena.

Mu 1806 nyumbayi idakhwimitsa zinthu. Idalamula kuti kapolo womasulidwa achoke mu Virginia pasanathe miyezi 12, apo ayi akhoza kugulitsidwanso. Kuyambira pamenepo padabwera mtundu wina wa makalata: anthu omasulidwa opempha kuti aloledwe kukhala pafupi ndi akazi, amuna kapena ana awo amene adali akadali akapolo. Ena ankaloledwa, ena ankakanidwa.