Nyumba zazitali za matabwa: chikuvuta n'chiyani?

Kodi matabwa angasenzedi nyumba ya nsanjika 18?

Akusenza kale. Ku Brumunddal m'dziko la Norway kuli Mjøstårnet, yotalika mamita 85.4, yomwe anamaliza kumanga mu 2019. Mu 2022 Ascent ya ku Milwaukee, ya nsanjika 25, inaiposa pang'ono. Si matabwa a kwa kalipentala ayi. Ku fakitale amamata matabwa ndi guluu mosanjikiza: a mizati onse amaloza kumodzi, pomwe a makoma ndi pansi amawapingasitsa, mzere uwu chotere, winawo chodutsa. Opingasawa ndiwo amatchedwa CLT, luso lomwe linakhwimira ku Austria ndi Germany m'ma 1990.

Nanga moto?

Apa ndi pomwe ambiri amagwira njakata. Koma amene anasonkhapo moto akudziwa kuti chipika sichilirima ngati udzu. Kunja kumasanduka makala, makalawo n'kutchinjiriza mtima wa mtengo. Pa ola limodzi moto umadya pafupifupi masentimita 4 a paini, choncho injiniya amaonjezeratu kukhuthala kwa mzati kuti wotsalawo usenzebe katundu anthu akutuluka.

Chinkadetsa nkhawa kwenikweni ndi guluu. Akafewa ndi kutentha, mzere wopsererawo umayoyoka, thabwa la mkati n'kuyamba kuyaka mwatsopano. N'chifukwa chake kuyambira 2018 muyezo wa CLT ku North America umalamula guluu wopirira kutentha.

Malamulo akuti bwanji?

Sakuyankhula chimodzi. Ku America, malamulo a zomangamanga a 2021 analola nsanjika 18, bola matabwawo akutidwe ndi zotchinga moto. England inalowera kwina. Moto wa ku Grenfell Tower wa 2017 utapha anthu 72, boma linaletsa zinthu zoyaka m'makoma akunja a nyumba zogonamo zopitirira mamita 18. Chisoni chake n'chomveka, koma Grenfell inali ya konkire. Zinafalitsa moto ndi zokutira kunja zokhala ndi pulasitiki. Ine ndikuona kuti lamulo labwino liziyesa khoma lenilenilo pamoto, lisamaweruze pongomva dzina la chomangira.

Ngati si moto, mdani wamkulu ndani?

Madzi. Mvula ikalowa pomanga, kapena paipi ikamadontha mobisika kuseri kwa bafa, thabwa limafufuma n'kuyamba kuwola anthu osadziwa. A inshuwaransi amaopa zimenezi, ndipo poti nyumbazi n'zatsopano, alibe mbiri ya zaka zambiri yowerengera chiopsezo, motero amakweza mtengo. Mankhwala ake ndi mwambo pantchito: kufunditsa matabwa, kumata m'mphepete mwake, kuyeza chinyontho asanatseke khoma, ndi kumanga mwachangu. Chigoba cha Brock Commons ku Vancouver, cha nsanjika 18, chinaima m'masiku pafupifupi 70.

Mitengo yonseyi idzachokera kuti?

Funsoli lisazembedwe. Simenti imatulutsa pafupifupi magawo 8 pa 100 a mpweya wa kaboni padziko lonse, pomwe thabwa limasunga kaboni yemwe mtengo unamwa. Phindu limeneli limakhalapo pokhapokha wodula akubzalanso. Amene anaona momwe paini wa ku Chikangawa anathera ndi macheka komanso moto wolusa akudziwa kuti fakitale ya CLT siingayambe nazale ya mbande isanakhazikike.