Tsiku Lopuma pa Ulendo wa Banja ndi Mmene Lingathere ku Chiradzulu

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito ya wokonza maulendo okaona malo imathera pa kutchula malo okongola, kupeza galimoto ndi kuwerengera ndalama zolipira pazipata, koma luso lenileni la ntchitoyi lagona pa ndondomeko ya ulendo, kutanthauza kasanjidwe ka masiku kosonyeza kumene banja lidzapite, nthawi imene lidzanyamuke ndi kubwerera, ndiponso mphamvu zimene tsiku lililonse lidzafune kwa aliyense wa paulendowo. M'ndondomeko imeneyi muli tsiku limodzi limene mabanja amalikana kawirikawiri, ndilo tsiku lopuma, lomwe limasiyidwa dala lopanda ulendo wautali. Bambo kapena mayi amene wakhala akusunga ndalama chaka chonse amaona ngati tsiku lotere ndi longotaya, pamene wodziwa ntchitoyi amazindikira kuti masiku ena onse amakoma kapena kuwawa malinga ndi mmene tsiku limeneli lasamalidwira.

Nkhani ya tsiku lopuma imakambidwa kwambiri m'maiko amene muli malo aakulu a zisangalalo, omwe ndi mabwalo otchingidwa ndi mpanda mmene muli makina okwera, akatungwe amagetsi, masewero ndi malo odyera, onse okonzedwa motsata mutu umodzi. Disneyland, imene idatsegulidwa ku California m'chaka cha 1955, Walt Disney World ya ku Florida, imene idatsegulidwa mu 1971, ndi Gold Reef City ya ku Johannesburg, imene Amalawi ambiri okhala ku South Africa amaidziwa, ndi zitsanzo za malo amenewa. Kumeneko banja limayenda wapansi ndi kuima pamizere kuyambira m'mawa mpaka usiku, kotero kuti alangizi a maulendo amalimbikitsa kupumirako pakatha masiku awiri kapena atatu. Dziko la Malawi lilibe malo aakulu chotere, komabe vutolo lilipo m'maonekedwe ena, makamaka kwa banja lochokera ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Joni limene labwera kumudzi ku Chiradzulu pa tchuthi cha Khrisimasi kapena cha mwezi wa Ogasiti, ndipo likufuna kuti m'sabata imodzi lione phiri la Mulanje, phiri la Zomba ndi nyama za ku Majete kapena ku Liwonde.

Chifukwa choyamba chopumira chili m'thupi, ndipo okonza maulendo amachitcha kutopa kodziunjika, komwe ndi kutopa kumene sikutha ndi tulo ta usiku umodzi chifukwa tsiku lililonse limawonjezera pa kutopa kwa dzulo lake. Munthu amene sadazolowere zitunda akakwera njira ya ku Likhubula kupita ku Dziwe la Nkhalamba, minofu ya m'miyendo simuwawa kwambiri tsiku lomwelo, koma ululu umakula pakapita tsiku limodzi mpaka atatu, ndiye kuti banja limene lakonza ulendo wina wolemetsa mawa lake limakumana ndi ululuwo lili kale pamsewu. Ana nawonso amafuna tulo tambiri kuposa akuluakulu, pakuti akatswiri a za tulo amalangiza kuti mwana wa zaka 3 mpaka 5 azigona maola 10 mpaka 13 patsiku, wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12, ndipo wachinyamata azigona maola 8 mpaka 10. Ulendo wodzuka m'mamawa ndi kubwerera kutada umadula maola amenewa, ndipo zotsatira zake ndi kulira kosadziwika chifukwa, kukana chakudya ndi kukangana m'galimoto, zimene makolo amaziyesa mwano pamene gwero lake ndi tulo. Tulo ndi timenenso timakhazikitsa m'mutu zimene munthu waona masana, choncho mwana wotopa amabwerako ku Majete ataona njovu koma osasunga zambiri za tsikulo.

Funso lotsatira ndi la malo a tsikuli m'ndondomeko. Tsiku lopuma limaikidwa pambuyo pa tsiku lolemetsa kwambiri, ndipo pa ulendo wa sabata imodzi limagwa pakati, nthawi zambiri tsiku lachitatu kapena lachinayi. Tsiku lofika ndi tsiku lonyamuka kubwerera sawerengedwa ngati opuma, chifukwa kukhala m'basi kapena m'galimoto maola ambiri kumatopetsa ngakhale munthu sakuyenda ndi miyendo yake. Apa m'pamene boma la Chiradzulu lili ndi mwayi monga malo ochokerapo, kutanthauza malo amodzi ogona amene banja limanyamukirapo m'mawa ndi kubwererako madzulo popanda kusamutsa katundu tsiku ndi tsiku. Bomali lachita malire ndi Blantyre, Zomba, Phalombe, Mulanje ndi Thyolo. Msewu wochokera ku Limbe kupita ku Zomba umadutsa pa Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi, pamene msewu wa Midima wopita ku Mulanje umadutsa pa mphambano ya ku Nguludi. Banja lingathe kupita ku Zomba Lolemba, ku Mulanje Lachiwiri, kupuma Lachitatu, kenaka n'kutsikira ku Majete Lachinayi lili ndi mphamvu zopirira kutentha kwa kuchigwa cha Shire.

Kupuma kumene kukunenedwa pano kuli ndi malamulo atatu osavuta kuwakumbukira. Loyamba ndi lakuti pasakhale wodzutsidwa, aliyense adzuke tulo tikamuthera. Lachiwiri ndi lakuti ngati banja likufuna kutuluka, lisankhe malo amodzi okha apafupi, ofikako mosapitirira theka la ola kapena ola limodzi, kumene anthu amayenda pang'ono ndi kukhala pansi nthawi yaitali. Lachitatu ndi lakuti onse akhale atabwerera dzuwa lisanapendeke, kuti madzulo onse athere pakhomo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo malo ambiri a ku Chiradzulu ndi otero, pakuti kukoma kwake kuli m'mbiri imene imafuna wina woifotokoza ndi ena oimvetsera mosathamanga.

Malo oyamba oyenera tsiku lotere ndi Providence Industrial Mission ku Mbombwe, imene anthu amangoitchula kuti PIM. Mishoniyi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1900 ndi mbusa John Chilembwe atabwerako ku America, kumene adapita mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth ndipo adakaphunzira za ubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Kuchokera ku Mbombwe ndi kumene kudayambira kuukira boma la atsamunda pa 23 Januwale 1915, chifukwa cha thangata, nkhanza za m'maesiteti ndi kutumizidwa kwa anthu akuda ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Chilembwe adaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho, tchalitchi chake chidagwetsedwa, ndipo mishoni idakhala yotsekedwa kufikira 1926 pamene Dr Daniel Sharpe Malekebu adaitsegulanso. Mwana amene amaona nkhope ya Chilembwe pa ndalama ya K2,000 ndi kumva za tchuthi cha pa 15 Januwale amapeza pamalopa chinthu chogwirika, ndipo maola awiri amakwana kuti banja lizungulire, lifunse mafunso kwa oyang'anira malo ndi kukhala pamthunzi.

Banja limene mudzi wake uli mbali ina ya bomali lili ndi malo ena oti lisankhepo. Ku Magomero ndi kumene amishoni a Universities' Mission to Central Africa, motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie ndi kuperekezedwa ndi David Livingstone, adamanga mishoni yawo yoyamba mu 1861, ndipo ndi komwenso kudali likulu la esiteti ya A. L. Bruce, kumene woyang'anira wake William Jervis Livingstone adaphedwa usiku woyamba wa kuukira kwa 1915. Ku Nguludi kuli mishoni yakale ya Katolika, chipatala cha St Joseph's ndi Catholic University of Malawi, imene idayamba kuphunzitsa mu 2006, ndipo wachinyamata amene akuyandikira mayeso a Fomu 4 amapindula poona ndi maso ake mmene sukulu ya ukachenjede imaonekera. Ku Mikolongwe, kumene kudachokera dzina la nkhuku zakuda zodziwika m'dziko lonse, ndi malo a za ziweto amene ana aang'ono angakondwere nawo, bola makolo apemphe chilolezo pasadakhale popeza ndi malo a ntchito. Cholakwika chofala ndi kufuna kuona malo onsewa tsiku limodzi, zimene zimasandutsa tsiku lopuma kukhala ulendo wina wotopetsa.

Phiri la Chiradzulu, limene nsonga yake ili pa mamita 1,773 kuchokera pa nyanja yaikulu, limakopa alendo chifukwa limaoneka lapafupi, koma kulikwera ndi ntchito ya tsiku lathunthu imene iyenera kupatsidwa tsiku lakelake, wolondolera njira wodziwa malo, madzi okwanira ndi nsapato zolimba. Pa tsiku lopuma n'kokwanira kuyenda m'munsi mwake m'mawa kusanatenthe. M'nyengo ya dzinja pamafunikanso kusamala kwambiri, pakuti namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 adaonetsa, kudzera m'tsoka limene lidagwera mudzi wa Ntauchira m'boma lomweli, kuti mapiri a dera lino amatha kugumuka mvula ikagwa masiku otsatizana. Banja lobwera pa Khrisimasi liyenera kumvera zanyengo ndi malangizo a eni dera lisanayandikire zitunda ndi mitsinje.

Gawo lamtengo wapatali la tsikuli ndi madzulo a pakhomo, amene safuna ndalama iliyonse. Ana okulira m'tauni kapena kunja kwa dziko amafika kumudzi, koma chifukwa cha maulendo a tsiku ndi tsiku amangoonana ndi agogo awo pa moni wa m'mawa ndi pa nsima ya usiku. Tsiku lopuma limawapatsa mpata wokhala pamphasa, kumva mayina a makolo awo ndi kumene mtundu wawo udachokera, kaya ndi Alhomwe, Ayao kapena Amang'anja, kuphunzira bawo kwa amalume, kusewera phada ndi fulaye ndi asuweni awo, ndi kumva nthano ndi zilapi kukada. Amaona mmene amaphikira thobwa, amalawa nandolo, makaka, chigumu kapena kalongonda, amene kuphika kwake kumatenga nthawi yaitali ndipo sangapezeke pa tsiku lothamanga. Kwa mwana amene Chichewa chake chayamba kuzilala, maola ochepa ocheza ndi anzake a m'mudzi amamasula lilime kuposa mmene makolo angachitire pomudzudzula kunyumba.

Pali funso limene okonza maulendo osamala salilumpha, ndilo lakuti amene akupuma ndi ndani. M'madera a chikamwini monga Chiradzulu, mudzi umene banja limafikira nthawi zambiri ndi kwawo kwa mayi, ndipo mayiyo akangokhala pakhomo amayembekezeka kulowa kukhitchini, kutunga madzi, kuchapa zovala za sabata yonse ndi kulandira alendo, mwakuti tsiku lotchedwa lopuma limakhala lolemera kwa iye kuposa masiku a pamsewu. Njira yopewera izi ndi kukambirana usiku wa dzulo lake, kugawana ntchito pakati pa bambo, ana okulirapo ndi achibale, ndi kuphika chakudya chosavuta. Momwemonso mwambo wokapereka moni kwa amfumu, kwa mwini mbumba ndi kwa achibale, kapena wokapepesa maliro amene adachitika banjalo lili kutali, ndi udindo wolemekezeka umene uyenera kupatsidwa nthawi yake m'ndondomeko, makamaka tsiku lotsatira kufika, kuti usadzaze tsiku lopuma ndi maulendo a khomo ndi khomo.

Tsikuli ndi nthawinso younika zinthu zitatu zimene zimasokoneza maulendo ambiri, zomwe ndi thanzi, ndalama ndi galimoto. Zizindikiro za malungo zimayamba pakapita masiku 7 kapena kuposerapo munthu atalumidwa ndi udzudzu, ndipo ana okulira kumalo kopanda malungo monga Johannesburg alibe chitetezo cha m'thupi cholimbana nawo, choncho mwana akatentha thupi ayenera kukayezedwa magazi tsiku lomwelo ku chipatala chapafupi, ndipo onse azigona m'neti usiku uliwonse. Wotsegula m'mimba apatsidwe Thanzi ndi madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Makolo awerenge ndalama zimene zatsala poyerekeza ndi mafuta a galimoto, zolipira pazipata ndi ulendo wobwerera, kuti ngati pali malo oti achotsedwe m'ndondomeko achotsedwe mwamtendere. Woyendetsa galimoto aone matayala, oilo ndi madzi, ndipo iye mwini agone mokwanira, pakuti moyo wa banja lonse uli m'manja mwake pa misewu yokhotakhota ngati wa ku Thabwa wotsikira ku Chikwawa.

Phindu la ulendo wa banja limayezedwa ndi zimene ana adzakumbukire ndi mtendere umene anthu abwerera nawo, ndipo zonse ziwirizi zimadalira mphamvu za munthu wofooka kwambiri pa gululo, kaya ndi mwana wa zaka zinayi kapena agogo amene atengedwa kuti akaoneko Mulanje. Banja limene lili ndi masiku asanu ndi awiri lichita bwino kukonza maulendo akutali atatu okha, kusiya tsiku limodzi la udindo wa pamudzi, ndi kulemba tsiku lopuma m'ndondomeko ulendo usanayambe, kuti lisadzalandidwe ndi malo ena ofuna kuonedwa.