Njinga Yamoto Ikamanjenjemera ndi Kusokosera, Yambani Mwaona Izi

Mpunga ukacha ku sikimu ya Bwanje, njinga zamoto sizipuma. M'mawa zasenza usipa kuchokera kunyanja kupita ku Golomoti, masana zatenga matumba kupita kuchigayo ku Mtakataka, zina mpaka kukwera Khwekhwelere. Ndiye anyamata amandifunsa kuti, "Shehe, njinga yanga ikunjenjemera mpaka manja kuchita dzanzi, nditani?" Ine si makaniko, koma yangayi ndakalamba nayo, ndipo yandiphunzitsa zambiri.

Choyamba dziwani kuti njinga zathuzi, kaya Lifo, King Lion kapena Boxer, zili ndi pisitoni imodzi yokha. Ikamakwera ndi kutsika imagwedeza njinga yonse, ndiye kunjenjemera pang'ono ndi chibadwa chake. Chodetsa nkhawa ndi pamene yayamba kunjenjemera kuposa mmene munaizolowerera.

Musathamangire kutsegulitsa injini. Tengani sipanala muyese mabawuti amene amagwira injini ku felemu. Mabampu a misewu yathu yam'minda amawamasula pang'onopang'ono. Ine ndinalipirapo ndalama ya thumba lathunthu la mpunga kwa makaniko wina, vuto osatha, kenako mdzukulu wanga n'kupeza kuti bawuti imodzi yapansi inali itaweyeseka. Mumangenso za ekizozi, za mopondera ndi za kaliyala.

Kenako tcheni. Mukalikankha ndi chala pakatikati, lizisewera masentimita 2 kapena 3 basi. Likakhwepa limamenya chivindikiro, khwa khwa khwa; likamangika kwambiri limalira ndipo limadya mabering'i. Mchenga wakunyanja ukasakanikirana ndi girizi umapala chitsulo ngati tupa, choncho litsukeni ndi palafini, liume, muthire oyilo. Mano a sipuloketi akasongoka ngati minga ya mthethe, sinthani sipuloketi zonse ziwiri pamodzi ndi tcheni. Kusintha chimodzi n'kutaya ndalama, chakale chimadya chatsopano. Ndipo njinga ikamachita gu! ponyamuka, ndiye kuti malabala a m'kati mwa tayala lakumbuyo atha. Ngotsika mtengo, koma ambiri sadziwa n'komwe kuti alipo.

Za oyilo ndiye pamene timalakwitsa kwambiri. Injini zimenezi zimalowa pafupifupi lita imodzi yokha, zimazizira ndi mphepo, pamene kuno kuchigwa mwezi wa Okutobala dzuwa lake mukulidziwa. Oyilo akapsa amasanduka ngati madzi akuda, zitsulo n'kumagundana. Ine wanga sindimupitiriza makilomita 1,000. Fyuluta ya mpweya nayo muziitsuka, chifukwa fumbi likaitseka njinga imatsamwa n'kumamwa petulo wambiri. Petulo wa m'zigubu chenjerani naye. Akakhala wosakaniza injini imagogoda pokwera mtunda.

Kaphokoso ka tiki-tiki kumutu kwa injini ndi matapeti. Amenewa apatseni amakaniko, ndipo amachuna injini itazizira. Osawauza kuti amange mpaka kaphokoso katheretu: matapeti omangitsa amavuta kuliza m'mawa ndipo amawotcha mavavu.

Pali phokoso lina lochita kulifuna dala. Anyamata ena akabaza amaboola ekizozi kapena kuchotsa zam'kati mwake ati njinga imveke mphamvu. Mphamvu siwonjezereka ayi, mumangogonthetsa makutu anu ndi kudzutsa makanda ndi odwala podutsa m'mudzi mbandakucha. Kasitomala akuuzani kuti imani apa, inu osamva.

Katundunso. Matumba atatu a makilogalamu 50 kuphatikiza mwini wake pamwamba, kenako giya yaikulu pamtunda, injini imachita kubuula. Tsitsani giya isanayambe kugwedezeka. Mukafika kunyumba, imikani njinga pasitandi yapakati, zungulizani tayala n'kumagogoda masipoko ndi sipanala. Yolimba imalira ngwee, yomasuka imangoti phwa, ndipo imeneyo imangeni tayala lisanapindike.