KUPUMA MOVUTIKIRA PAMBUYO PA MATENDA AAKULU

Munthu wa ku Vubwi akadwala mwakayakaya cibayo, malungo aakulu kapena matenda olowa m'magazi, nthawi zambiri amatumizidwa ku cipatala cacikulu ca Chipata, monga mmene a ku Katete ndi ku Sinda amathamangira ku St Francis ndi ku Nyanje. Akatulutsidwa, abale amati zonse zatha. Koma ena amafika kunyumba ali wefuwefu, ngakhale kupita ku cimbudzi kumawatopetsa. Pamenepo ena amati matenda abweranso, ena amati walodzedwa. Nthawi zina vuto limakhala pa mnofu wopumira, umene unafooka pa nthawi ya matenda.

Mapapo sakoka mpweya okha. Pansi pake pali mnofu wopyapyala wolekanitsa cifuwa ndi mimba, umene madokotala amaucha diaphragm. Aliyense amene anatumbulapo mbuzi anauona. Mnofuwu umagwira nchito ngati mvukuto: ukatsika mpweya umalowa, ukabwerera mpweya umatuluka. Mwa munthu wamkulu umacita zimenezi ka 12 mpaka ka 20 pa mineti imodzi, usana ndi usiku.

Mnofu umenewu unapangidwa ndi maselo aatali onga tiulusi. M'kati mwa selo lililonse muli tizigawo topanga mphamvu, tochedwa mitochondria, tili ngati mbaula ya selolo. Tizilombo tikafalikira m'magazi, mbaula zimenezi siziyaka bwino. Mphamvu imacepa ndipo mumatuluka zoipa zimene zimaononga selo, monga utsi wa makala osapsa. Nthawi yomweyo thupi limayamba kuphwanya minofu yake kuti lipeze cakudya, pakuti wodwalayo sakudya. Mcere wa m'magazi monga potassium ndi phosphate ukacepa, mnofu umalepheranso kukoka mwamphamvu.

Cifukwa cina ndi kukhala osagwira nchito. Wodwala akaikidwa pa makina omupumira, mnofu wake umangokhala, ndipo umaonda msanga. Mu 2008 madokotala a ku Philadelphia, ku America, anapima mnofuwu mwa anthu amene anakhala pa makina kwa maola 18 mpaka 69 osapuma okha. Anapeza kuti tiulusi take tinaonda kupitirira theka. Makinawa amapulumutsa moyo, koma ndiye cifukwa cake madokotala amayesa kumucotsapo wodwala pang'onopang'ono akangoyamba kupezako bwino. Abale asaganize kuti wodwala wao akumanidwa thandizo.

Mnofu woonda umabwerera, koma pamatenga masabata kapena miyezi. Kunyumba wodwala afunika zakudya zomanga thupi monga nyemba, nshawa, mazira, kapenta ndi mkaka, pang'ono pang'ono koma kangapo pa tsiku. Adye atakhala tsonga kuti asatsamwe. Asagonere tsiku lonse pamphasa: akhazikidwe pampando, ayende pabwalo momugwirira, ndipo tsiku lililonse aonjezereko mtunda. Usiku agone mutu ndi cifuwa zili pamwamba. Fodya ndi mbaula yoyaka m'cipinda cake n'zoletsedwa. Mowa ndi mankhwala ogonetsa amene dokotala sanalembe zimafooketsanso kupuma.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kudikira kuti kuce. Ngati wodwala alephera kupuma akagona cagada, ngati mimba ilowa m'kati pamene akoka mpweya m'malo motukuka, ngati atsokomola mopanda mphamvu ndipo makhololo satuluka, ngati angosinza masana kapena kusokonezeka mutu, kapena ngati thupi latenthanso, atengeredwe ku cipatala capafupi tsiku lomwelo. Abale anyamule khadi ndi kalata yotulukira, ndipo auze anamwino masiku amene wodwalayo anakhala pa makina kapena pa okosijeni. Zimenezi zimathandiza kuti cipatala cidziwe msanga ngati vuto lili m'mapapo kapena pa mnofu wopumira.