LAMULO LA PANYANJA LIKHUDZANSO MLIMI WA KU CHONGWE

Fataleza wocokera kunja amene alimi a m'boma la Chongwe amathira m'minda mwao amayenda ulendo wautali. Amabwera pa sitima zapamadzi kufika pa madoko monga Dar es Salaam ndi Beira, ndipo malole ndi njanji zimamfikitsa kuno.

Zambia ilibe gombe la nyanja yamcere. Kuwawa kwace kunaoneka mu January 1973 pamene Ian Smith anatseka malire a Rhodesia. Mkuwa ndi katundu wina zinayenda movutikira kufikira njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, itamalizidwa mu 1975.

Motero nzosadabwitsa kuti pamene maiko anasaina Pangano la Lamulo la Panyanja ku Montego Bay, Jamaica, mu 1982, Zambia inafulumira kulivomereza mu 1983. Panganoli lipatsa dziko lopanda gombe ufulu wofika kunyanja kupyolera mwa anansi ace. Linenanso kuti pa mipata yopapatiza yolumikiza nyanja zazikulu, sitima za maiko onse zipite, ndipo eni magombe asatseke njira.

Mfundo iyi ikuyesedwa tsopano kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku nyanja ya Arctic. Cifukwa ca kutentha kwa dziko, madzi oundana akusungunuka, ndipo sitima zamalonda zayamba kupeza njira zacidule pakati pa Ulaya ndi Asia, zopita pa mpata wa Bering umene ulekanitsa Russia ndi Alaska.

Pamenepo pabuka mkangano. Canada ikuti madzi a pakati pa zisumbu zace zakumpoto ndi aceace. America ikuti ndi njira ya onse, ndipo sitima yace yamafuta, Manhattan, inapitamo mu 1969. Russia imafuna kuti sitima zipemphe cilolezo zisanayende m'mbali mwa gombe lace lakumpoto. Maiko awiriwa atsamira pa ndime 234 ya pangano lomwelo, imene ilola mwini gombe kuika malamulo oteteza madzi oundana kuti asaipitsidwe. Kuyambira mu 2017 palinso malamulo ochedwa Polar Code, olamula kuti sitima zoyenda kumeneko zikhale zolimba ndi zokonzekera cisanu.

Akulu anati, caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Ngati eni magombe azolowera kutseka mipata, ulendo wa katundu udzatalika ndipo mitengo idzakwera. Oyamba kulira adzakhala maiko opanda doko monga Zambia.