Nthenda Yobisala Kumbuyo kwa Nthenda Ina

Pa chipatala cha boma ku Ntcheu pamafika odwala matenda a maganizo ochokera kutali, monga ku Tsangano, ku Lizulu ndi ku Kasinje. Ambiri amadza chifukwa cha misala kapena khunyu. Koma ena mwa iwo amasenzanso nthenda yachiŵiri imene siioneka msanga, ndiyo nthenda ya kukhumudwa, imene anthu amangoitcha kuganiza kwambiri.

Nthendayi imabisala m'njira ziŵiri. Njira yoyamba ndiyo m'thupi. Wodwala sanena kuti mtima wake uli ndi chisoni, popeza mwa mwambo munthu wamkulu saulula zakukhosi pamaso pa mlendo. Iye amadandaula za mutu, msana, kugunda kwa mtima ndi kufooka. Akayezedwa malungo sapezeka, ndipo amabwerera kumudzi ndi panado yekha.

Njira yachiŵiri ndiyo kukhala chete. Munthu amene anali kulongolola akabwera kuchokera ku chipatala cha Zomba Mental ali phee, achibale amakondwa nati wachira. Komatu kufatsa si kuchira nthaŵi zonse. Pamene nzeru zabwerera, ndi pamene ena amayamba kukumbukira zimene anachita akudwala ndi kumva mayina onyoza amene akutchulidwa m'mudzi. Apa manyazi angasanduke kutaya mtima.

Zizindikiro zake nzodziŵika: chisoni cha tsiku ndi tsiku chopitirira milungu iŵiri, kusakondwanso ndi ntchito ya kumunda kapena kucheza, kudzuka tambala asanalire tulo osabweranso, kusafuna chakudya, ndi kudziyesa wachabe. Choopsa koposa ndicho maganizo ofuna kudzipha.

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linakonza mafunso 20 otchedwa SRQ-20 othandiza kuvumbula vutoli, ndipo anamasuliridwa m'Chicheŵa. Komabe funso loyamba lingafunsidwe ndi aliyense pakhonde: "Kodi mumtima mukumva bwanji masiku ano?" Ngakhale kumufunsa munthu mwachifundo ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo ayi, kumam'tsegulira khomo lakuti alankhule.

Nthendayi imachizika. Uphungu umathandiza, ndiponso pali mankhwala monga amitriptyline ndi fluoxetine, amene mphamvu yake imayamba kuoneka patapita milungu ingapo. Choncho woperekeza wodwala asangonena kuti kunyumba kuli bata. Afotokozenso kwa anamwino mmene mbale wake akugonera, mmene akudyera, ndiponso ngati akusekabe ndi anzake.